Njala Imalowa Pakhomo la Yani?

Mau akuti "osauka" sasowa pakamwa pathu. Timawatchula pa guwa, m'mapemphero a akhristu onse, m'makalata a aepiskopi, ngakhalenso m'mayeso a ku seminale. Koma wina atatifunsa kuti m'parishi mwathu osaukawo alipo angati, akhala m'midzi iti, ndipo chinawasaukitsa nchiyani, ambiri a ife tingayankhe mongoganizira chabe: mvula inavuta, anthu achulukitsa, ena ndi aulesi, ena unawatha ndi mowa. M'mayankho amenewa muli choona pang'ono, komabe ndi omwe aja ankapereka akuluakulu a boma la atsamunda, ndipo anthu amene anadzipereka kufufuza za umphawi mofatsa anapeza kuti kawirikawiri mayankho otere amaphimba nkhani yeniyeni. Pano tifuna kulongosola zina mwa zimene ofufuzawo anapeza, makamaka pa za njala, poti njala ndiyo imaulula poyera m'mene anthu a dziko limodzi akhalira wina ndi mnzake.

Tiyambe ndi munthu wina wa ku England, dzina lake Seebohm Rowntree, mwana wa banja lolemera la fakitale ya chokoleti mu mzinda wa York. M'chaka cha 1899 iye ndi omthandiza anayendera mabanja oposa 11,000 a anthu apantchito mu mzindawo, khomo ndi khomo, nalemba ndalama zimene banja lililonse linkapeza ndi anthu amene ankadya ndalamazo. Kenaka anawerengera kuti banja la bambo, mai ndi ana atatu lifunika ndalama zingati pa mlungu kuti lidye chakudya chongokwanira kusunga thupi, livale ndi kulipira nyumba. Anapeza masheleni 21 ndi mapeni 8. Buku lake litatuluka mu 1901, anthu a ku England anadzidzimuka kumva kuti pafupifupi anthu 28 mwa 100 alionse a mu York anali pa umphawi, ndi kuti munthu mmodzi mwa khumi sakanatha kudzidyetsa mokwanira ngakhale akanasamala khobidi lililonse.

Chimene chinawawa kwambiri nchakuti theka la anthu osaukitsitsawo anali a m'mabanja amene bambo ankagwira ntchito tsiku ndi tsiku, koma malipiro ake anali ochepa. Ulesi sunali mutu wa nkhani. Rowntree anaonanso kuti umphawi umam'peza munthu wantchito katatu pa moyo wake: ali mwana, pamene iye mwini akulera ana aang'ono, ndi pamene wakalamba. Wansembe aliyense amene wakhalapo pa parishi ya kumudzi angazindikire nyengo zitatuzi popanda kuwerenga buku.

Koma amene anasintha kwenikweni maganizo a anthu ophunzira pa za njala ndi Amartya Sen wa ku India. Iyeyu anabadwa mu 1933, ndipo ali mnyamata anaona ndi maso ake njala yoopsa ya ku Bengal ya mu 1943, imene inapha anthu pakati pa 2 miliyoni ndi 3 miliyoni. Chimene chinam'dabwitsa nchakuti njalayo siinakhudze banja lake kapena mabanja a anzake akusukulu. Ofa anali anthu a mtundu wina wake wa ntchito. Atakula anabwerera ku funso limeneli, ndipo mu 1981 anatulutsa buku lotchedwa Poverty and Famines. M'bukumo anaonetsa kuti, malinga ndi kuwerengera kwake, mpunga umene unalipo ku Bengal mu 1943 sunali wochepa kuposa wa mu 1941, chaka chimene kunalibe njala. Chimene chinasintha ndi mtengo. Inali nthawi ya nkhondo yaikulu yachiwiri. Dziko la Burma, kumene mpunga wina unkachokera, linali litagwa m'manja mwa Japan mu 1942. Boma linkamwaza ndalama zambiri pa zankhondo, ndipo linasamala kuti antchito a mu mzinda wa Calcutta asasowe chakudya. Mtengo wa mpunga unakwera kangapo konse, pamene malipiro a munthu wolima m'munda wa mnzake anatsalira m'mbuyo. Tsono amene anafa anali aganyu opanda minda, asodzi, amisiri a zamanja, anthu amene ankadalira kugulitsa thukuta lao kuti agule mbale ya mpunga.

Mfundo ya Sen tingaiike chonchi. Kukhalapo kwa chakudya m'dziko ndi nkhani ina, ndipo kuti munthu wakutiwakuti achifikire chakudyacho ndi nkhani inanso. Munthu amafika pa chakudya kudzera m'njira zowerengeka: kulima yekha, kugulitsa zimene ali nazo, kugwira ntchito yolipidwa, kapena kulandira kwa abale, kwa mpingo ndi kwa boma. Njira zimenezi zikatsekeka, munthuyo amafa ndi njala msika uli wodzaza. Sen anapezanso kuti pa njala ya ku Wollo, ku Ethiopia, mu 1973, chakudya china chinkatuluka m'chigawo cha njalacho kupita ku mizinda, chifukwa chakudya chimalondola ndalama. Tiyenera kunena kuti akatswiri ena anatsutsana naye pa ziwerengero za ku Bengal, nati mphepo yamkuntho ya mu 1942 ndi matenda a mpunga zinaononga zokolola koposa m'mene iye anaganizira. Mkangano umenewo ulipobe. Koma funso limene iye anatiphunzitsa kufunsa, loti ndani amene wasowa njira yofikira pa chakudya ndipo chifukwa ninji, silinagwe. Sen analandira mphoto ya Nobel mu 1998.

Funso lomweli linafunsidwanso za dziko lathu lino, ndipo apa ndiye tifuna kukhalitsa. Akuluakulu a m'chigawo cha kumwera amakumbukira njala ya mu 1949, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankawerengera msinkhu wao kuchokera pa chaka chimenecho. Mvula inadula kuyambira kumapeto kwa 1948, mbeu zinauma m'minda, ndipo boma la Blantyre, makamaka madera a Lunzu ndi Lirangwe, linavutika koposa. Bwanamkubwa wa Nyasaland pa nthawiyo anali Geoffrey Colby. Akuluakulu a boma anali nako kale kufotokoza kwao: anthu achuluka, nthaka yaguga chifukwa cha kalimidwe koipa, ndiponso alimi atanganidwa ndi fodya m'malo mwa chimanga. Chiwerengero cha boma cha anthu ofa ndi njala chinali pafupifupi 200, koma ambiri amakhulupirira kuti nchochepa kwambiri, popeza sichiwerengera amene anafa ndi matenda thupi litafooka kale.

Megan Vaughan, katswiri wa mbiri yakale amene anaphunzitsapo pa Yunivesite ya Malaŵi, anafufuza za njala imeneyi, ndipo buku lake, The Story of an African Famine, linatuluka mu 1987. Iye anawerenga makalata a boma, koma sanalekere pomwepo. Anapita kukacheza ndi anthu amene anaiona njalayo, ndipo anamvetsera nyimbo za pamtondo zimene amai ankaimba posinja, zokumbutsa chaka chimenecho. Tiganizire pang'ono za njira imeneyi. Bwana wa boma sakanaganiza kuti mtondo ungakhale mboni, chikhalirecho amai amene sankalankhula pa bwalo la milandu ankanena zakukhosi kwao pa mtondo, ndipo nyimbozo zinasunga zimene mafailo a ku Zomba sanalembe.

Choyamba chimene Vaughan anaona nchakuti kufotokoza kwa boma kuja kunali kopunduka. Boma lomwelo linali litakhazikitsa bungwe loyang'anira malonda a chimanga, Maize Control Board, zaka zochepa njala isanagwe. Bungweli linkagula chimanga kwa alimi pa mtengo wotsika ndipo linkaletsa anthu kugulitsana momasuka, kotero kuti alimi analibe chowalimbikitsa kulima chochuluka, ndipo malonda akale a pakati pa madera okolola bwino ndi madera osowa anasokonezeka. (Ntchito za bungweli ndi mabungwe ena onga ilo ndizo zinadzagwera m'manja mwa ADMARC mu 1971.) Chilala chinalipodi, palibe amene akana, koma chinapeza dziko limene malamulo ake anali atafooketsa kale njira zimene anthu ankadzipulumutsira.

Chachiwiri, ndipo ndicho chofunika kwa ife abusa, nchakuti njalayo inasankha. Amene anali pa ntchito yolembedwa, kwa boma kapena ku makampani ndi m'maesiteti, ankalandira phoso kapena ankatha kugula chimanga chimene boma linaitanitsa kunja. Amisiri odziimira paokha ndi aganyu anataya makasitomala ao, poti munthu wanjala sasokeretsa malaya kapena kumangitsa nyumba. Koma amene anaona zakuda koposa anali amai, pamodzi ndi ana ndi nkhalamba zimene zinkawadalira. M'madera amenewa ukwati wambiri unali wa chikamwini: mwamuna ankakhala kwao kwa mkazi, munda unali wa mbumba, ndipo pa chaka chabwino mai anali ndi mphamvu pa nkhokwe yake. Nkhokwe itauma, mphamvuyo inapita nayo limodzi. Chotsala chinali ndalama, ndipo ndalama zinali m'manja mwa amuna. Amuna ambiri ananyamuka kukafuna chakudya ku madera monga Ntcheu, Neno ndi Mwanza, ena mpaka ku Mozambique. Alipo amene anabwerera atasenza chimanga, napulumutsa mabanja ao. Alipo ena amene sanabwerere, anakakwatira kumene anapeza nsima. Nyimbo za pamtondo zija zimayamika oyambawo ndi kudzudzula otsirizawo.

Ndipo malamulo a boma anaonjezera chipsinjo pa chilonda. Pofuna kusunga chimanga, boma linaletsa kufulula mowa, chinthu chooneka chanzeru ndithu, chimene mwina ife ansembe tikanachiombera m'manja. Koma mowa ndiwo unali njira yaikulu imene mai wakumudzi ankapezera khobidi lakelake. Pogawa chithandizo, akuluakulu ankaganiza monga kwao ku Ulaya kuti mkazi wokwatiwa amadyetsedwa ndi mwamuna wake. Choncho mai amene mwamuna wake anam'thawa, kapena amene mwamuna wake anali ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni osatumiza kanthu, ankavutika kuti alandiridwe ngati wosowa. Pa pepala anali wokwatiwa. Ife amene timasunga mabuku a maukwati m'maparishi tiyenera kuimva bwino mfundo imeneyi.

Makolo athu ankati kupatsa nkuika, kutanthauza kuti chimene wapatsa mnzako lero udzachipeza mawa. Mwambo umenewu ndi weniweni, ndipo pa miyezi yoyamba ya njala unapulumutsa anthu ambiri. Koma umboni wa 1949 ukuonetsa kuti njala ikakhalitsa, bwalo la anthu ogawana limanka lichepa: poyamba mudzi, kenaka mbumba, kenaka mai ndi ana ake okha, mpaka nkhalamba zina zinasiyidwa zokha. Nchifukwa chake tiyenera kusamala polalika za umodzi wa chikhalidwe chathu ngati kuti ndi nkhokwe yosatha. Munthu wopanda kanthu sangagawe, ndipo kumuuza kuti abale ake am'samala nthawi zina ndi njira yaulemu yosambira m'manja.

Wowerenga Malembo Oyera sangalephere kukumbukira pano nkhani ya Yosefe ku Ejipito. Timakonda kulalika za nzeru zake posunga tirigu pa zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu, ndipo nzeruzo zinalipodi. Koma mutu 47 wa buku la Genesis, umene sitiuwerenga kawirikawiri, ukulongosola mwatsatanetsatane m'mene anthu a ku Ejipito anafikira pa tiriguyo. Poyamba anapereka ndalama zao mpaka zinatha. Kenaka anapereka ziweto. Chaka chotsatira anapereka minda yao ndi matupi ao omwe, nasanduka anthu a Farao, opereka gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola zao. Chakudya m'dzikomo chinalipo chambiri. Chimene chinatha ndi zinthu zimene anthu akanasinthanitsa nacho. Mlembi wa nkhaniyi anaona zomwe Sen anadzalemba patapita zaka zikwi zingapo. Ndipo pali kachinthu kena m'mutu womwewo kamene kayenera kutilasa ife makamaka: minda yokha imene siinagulidwe inali ya ansembe, chifukwa iwo ankalandira phoso lao kwa Farao. Inde, anali ansembe a milungu ya ku Ejipito, komabe funso limene nkhaniyo ikudzutsa silisankha chipembedzo. Munthu amene chakudya chake nchotsimikizika amachedwa kuzindikira kuti kunja kwaipa. Mneneri Amosi nayenso, podzudzula ogulitsa tirigu amene ankachepetsa muyeso ndi kukweza mtengo, ankanena za msika, malo amene wosauka amakumana ndi wolemera maso ndi maso.

Wina anganene kuti zonsezi nzakale, za nthawi ya atsamunda. Koma njala ya mu 2002 inabwereza phunziro lomwelo dziko lili pa ufulu, ndiponso lili ndi zipani zambiri. Zokolola za mu 2001 zinachepa chifukwa cha mvula yosokonekera ndi madzi osefukira, koma kuchepako sikunafike pa chilala cha mu 1992, chimene sichinaphe anthu motero. Chimene chinaipitsa zinthu nchakuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, ndipo mpaka lero anthu amakanganabe za amene analakwa pakati pa bungwe la IMF, limene linalangiza kuti nkhokwezo zichepetsedwe, ndi akuluakulu amene anazigulitsa pafupifupi zonse. Mtengo wa chimanga unakwera kangapo pakati pa nthawi yokolola ndi mwezi wa Januwale, pamene mtengo wa mbuzi ndi malipiro a ganyu zinagwa, poti aliyense ankagulitsa ndipo aliyense ankafuna ganyu. Mabungwe a mipingo ndi ena anachenjeza msanga, koma boma linalengeza za tsokali mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. Sen ankaphunzitsa kuti njala yaikulu siigwa m'dziko limene boma limasankhidwa ndi anthu ndipo nyuzipepala zili zomasuka, chifukwa olamulira amaopa manyazi ndi mavoti. Za mu 2002 zikutiuza kuti chisankho pachokha sichikwanira, ngati kulira kwa anthu a kumudzi kulibe njira yofikira msanga kumene kumagamulidwa zinthu.

Ganyu amene tam'tchulayu ayenera mau ena awiri. Ofufuza ambiri aona kuti banja limene chakudya chatha mu Disembala limapita kukalima m'munda wa wina pa nthawi yomweyo imene munda wake ufuna kupalira ndi kubandira. Likapeza ufa wa lero, lataya zokolola za mawa, ndipo chaka chamawa chakudya chidzatha msanga koposa. Munthu wodutsa pa njira akaona munda wa thengo amati mwini wake ndi waulesi, osadziwa kuti mwini mundayo wadzuka m'mamawa kukapalira munda woyera uja wa tsidya linalo.

Tsono tinene za ziwerengero, poti masiku ano ndizo zimalamulira nkhani za chitukuko. Mu 1990 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inayamba kuyesa umphawi wadzaoneni ndi muyeso wa pafupifupi dola imodzi pa tsiku, muyeso umene wakhala ukusinthidwa mpaka kufika madola 3 mu 2025. Kuno kwathu, kafukufuku wa mabanja wa ofesi ya boma yoona za ziwerengero wa mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti pafupifupi theka la Amalaŵi ndi osauka, ndipo mmodzi mwa asanu sakwanitsa ngakhale chakudya chokha. Ziwerengero zotere nzofunika; popanda izo, boma lililonse lingathe kunena kuti anthu ake akukhuta, ndipo tikukumbukira nthawi imene kutchula njala poyera kunali koopsa m'dziko muno. Komabe muyeso umene umawerenga banja ngati chinthu chimodzi sungaone zimene Vaughan anaona, zakuti m'nyumba imodzi wina angathe kudya wina akugona ndi njala. Sungaonenso nyengo, poti banja lomwelo limene lili bwino mu Juni lingakhale pa moto mu Febuluwale.

Eklezia siali mlendo pa ntchito yofufuzayi. Bambo Louis-Joseph Lebret, wansembe wa chipani cha a Dominiko wa ku France, anayamba ndi kufufuza za moyo wa asodzi a ku Brittany m'zaka za m'ma 1930, nakhazikitsa bungwe la Économie et Humanisme mu 1941, ndipo pambuyo pake anachita kafukufuku wotere ku maiko monga Brazil, Senegal ndi Lebanon. Anamwalira mu 1966, koma maganizo ake ndiwo anathandiza kwambiri Papa Paulo wachisanu ndi chimodzi polemba kalata yake ya Populorum Progressio ya mu 1967, imene imaphunzitsa kuti chitukuko choona chiyenera kukweza munthu yense wathunthu ndiponso anthu onse. Papa Yohane wa 23, m'kalata ya Mater et Magistra ya mu 1961, anali atavomereza kale njira ya Joseph Cardijn ya masitepe atatu, kuona, kuweruza ndi kuchita. Ife ku seminale timaphunzira kwambiri sitepe yachiwiri, ndipo pa parishi timathamangira yachitatu. Yoyamba ija timaiyesa yapafupi, chonsecho ndiyo ifuna kuleza mtima koposa. Papa Yohane Paulo wachiwiri, mu Sollicitudo Rei Socialis ya mu 1987, ananena za tchimo limene limakhazikika m'makonzedwe a zinthu za dziko. Tchimo lotero silioneka m'chipinda cholapira. Munthu amaliona akafunsa za mitengo, malipiro, malamulo a minda ndi kaundula wa olandira chithandizo.

Aepiskopi athu anachita zimenezi m'kalata yao ya nyengo ya Lenti imene inawerengedwa m'matchalitchi onse pa 8 Malichi 1992. Anthu amaikumbukira chifukwa cha ndale, poti boma linaitcha youkira ndipo inatsegula njira ya riferendamu ya mu 1993. Koma gawo lalikulu la kalatayo linali la zinthu zimene ansembe ndi asisitere ankaziona tsiku ndi tsiku: kukula kwa mpata pakati pa olemera ndi osauka, malipiro osakwanira, mitengo yotsika yogulira mbeu za alimi, kuthithikana m'masukulu ndi kusowa kwa zofunika m'zipatala. Mphamvu ya kalatayo inali yakuti aliyense womva anazindikira kuti zonenedwazo nzoona.

Chida chofufuzira tili nacho kale, ndipo palibe bungwe la boma kapena lakunja limene lili ndi chofanana nacho. Kuyambira pa misonkhano ya AMECEA ya mu 1973 ndi 1976, ndi sinodi yaing'ono imene Ambuye Patrick Kalilombe anachititsa mu dayosizi ya Lilongwe pa zaka zomwezo, miphakati yafika pafupifupi m'mudzi uliwonse. Atsogoleri a mphakati amadziwa khomo limene utsi sunafuke dzulo. Chimene chimasowa nthawi zambiri ndi munthu wowafunsa mafunso oyenera, ndi wolemba mayankho ao mwezi ndi mwezi kuti aoneke pamodzi: chimanga cha m'nyumba chinatha mwezi uti, ndowa ikugulidwa bwanji pa msika, ganyu wa tsiku limodzi akugula ufa wochuluka bwanji, ndani wagulitsa mbuzi kapena njinga, ndani wabwereketsa munda, ndi ana angati aleka sukulu, ndi amai angati amene amuna ao anapita osatumiza mau. Mafunso ameneŵa ayenera kufunsidwa kwa amai paokha, poti pamaso pa amuna ndi pamaso pa bambo mfumu mayankho amasintha. Ndipo ayenera kuyamba mu Okutobala, mvula isanagwe, pamene mtengo wa chimanga wangoyamba kukwera ndipo kalata yopita kwa episkopi kapena kwa bwanamkubwa wa boma ingathebe kufika nthawi ikadalipo.